Tsamba la Mulanje, powerengera m'mwamba

M'Chichewa tsamba ndi la mtengo, tsamba ndi la bukunso. Kwathu ku Mulanje mawuwa amalemera kuposa apo, chifukwa mwana akatumidwa pa okala kukagula masamba sabwera ndi nkhwani kapena chisoso, amabwera ndi tiyi. Tsamba limene ndikusanthula pano likukhudza matanthauzo onse atatu. Silinasindikizidwe papepala. Ndi chithunzi cha dziko la kumwera kwa phiri la Mulanje monga chimatambasukira pasikirini ya kompyuta munthu akamayendetsa ndege yoyerekezera, pamodzi ndi mizere ndi mayina olembedwa pamwamba pake. Wina anganene kuti chithunzi sichiwerengedwa, chimangoonedwa. Koma mapu ali ndi alembi ake. Pali zimene amayamba kutchula, zina amazitchula monong'ona, zina amazidumpha, ndipo cholembedwa chotere chimafuna kuwerengedwa mofatsa monga tiwerengera kalata ya malo.

Tsambali ndinalipeza kwa mwana wa mchemwali wanga ku Limbe. Mnyamatayu anali ataona pa intaneti mmene anthu a kunja amayendera minda ya mphesa atakhala pampando kunyumba kwawo. Amatsegula Microsoft Flight Simulator, masewero amene anatuluka mu Ogasiti 2020 ndipo amamanga dziko lonse pa zithunzi za setilaiti, n'kumauluka chapansipansi pamwamba pa Burgundy, Stellenbosch kapena Bordeaux, mzinda wa vinyo umene ulinso kwawo kwa Asobo, kampani imene inapanga masewerowo. Kompyuta yake sikanatha kunyamula katundu wolemera chotero, nanga bandulo yake ikanachokera kuti. Iye anatsegula Google Earth, imene kuyambira 2007 ili ndi kandege kake koyerekezera. Umasankha pakati pa ndege ziwiri, yankhondo ya F-16 ndi yaing'ono ya SR22. Anasankha yaing'onoyo nandiuza kuti, "Amalume, ife zigwa za mphesa tilibe, tiyeni tipite kwanu ku tiyi."

Tinayambira m'mwamba pamwamba pa Limbe, n'kutsata msewu wa Midima. Ulendo umene minibasi imauyenda mopuma pa siteji iliyonse unatha m'mphindi ngati 15. Chigwa cha Thuchila chinadutsa pansi pathu chili chofiirira, chodulidwadulidwa timinda. Kenako phiri linadzuka. Kumanzere kunali thanthwe la Chambe, khoma la mwala wokhawokha lotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo titapotera kumanja pa Chitakale kubiriwira kunayamba.

Mawu oyamba a tsambali ndi mtundu umenewo, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Ndi okongola zedi. Ndinakulira m'mphepete mwa tiyi koma sindinadziwe kuti minda yake imazungulira tsinde la phiri ngati nsalu yomangidwa m'chiuno, kuchokera kufupi ndi Likhubula mpaka ku Muloza pamalire. Mtima unandidumpha. Munthu amene angakane kukongola kumeneku pofuna kuoneka wozindikira mbiri akunama.

Komabe taonani mmene kubiriwirako kulili. N'kosalala, kofanana paliponse, ngati wina wayala mphasa n'kuisita. Tiyi mwachibadwa ndi mtengo. Ukamusiya amakula kupitirira denga la nyumba. Amakhala wofika m'chiuno chifukwa amadulidwa, ndipo pamwamba pake pamakhala pathyathyathya chifukwa nyengo ya mvula manja amabwerera pa chitsamba chilichonse pakangotha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina. Ankanyamuka kusanache, atamanga pepala la pulasitiki m'chiuno kuti mame asawanyowetse mpaka m'kati, dengu kumsana, lamba wake atadutsa pamapewa. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zakuda ndi zong'aluka, moti sopo sankachotsa. Masana ankaima pamzere wa pasikelo, maso ali pa cholembera cha kalaliki. Pasukulu tinaphunzira kuti chiganizo chimakhala ndi mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Chiganizo cha pasikirinichi chili ndi pamtherankhani yekha. Ntchito yachitika, zotsatira zake zikuwala, koma woichita palibe. Kuchokera pamwamba munthu ndi kadontho kosaoneka, ndiye kusalala kumene manja masauzande amakupanga tsiku ndi tsiku kumaoneka ngati n'kwachilengedwe.

Pakati pa minda pali timagulu ta mitengo yakuda bii yodzalidwa m'mizere. Mlendo angaganize kuti ndi nkhalango. Ameneyo ndi bulugamu, nkhuni za fakitale zoumitsira tiyi. Pali madamu othirira m'chilimwe, madenga ataliatali a mafakitale, ndi tinyumba tofanana tondandalikana, timene ife timatidziwa kuti ndi makomboni. Zonsezi zimawerengeka msanga ukakhala ndi wokuuza.

Pamene ndinamuuza mnyamatayo kuti achepetse liwiro n'kuzungulira kawiri ndi pamphepete. Kubiriwira sikutha pang'onopang'ono monga imathera nkhalango. Kumadukiza ngati mpeni wadula. Mbali iyi tiyi, mbali iyo dothi lofiira, madenga othithikana, timinda ta chimanga, nandolo ndi chinangwa tofanana ndi zigamba za chovala cha mmphawi, tina titakwera mapiri otsetsereka kumene khasu siliyenera kufika. Mzere umenewu ndiwo chiganizo chachikulu cha tsamba lonse, ndipo sunalembedwe ndi setilaiti. Setilaiti yangokopera zimene zinalembedwa zaka zoposa 130 zapitazo.

Kuyambira 1892 Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malipiro ake nthawi zambiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, ndipo mfumu ndi mzungu sankamva chimodzimodzi tanthauzo la kugulako, pakuti kwathu mfumu imasunga malo, siigulitsa. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi ndime yoti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Ndimeyo imamveka yachifundo, koma inaimitsa nthawi pa tsiku losayinira. Sinaganizire kuti anthu amasamutsa minda nthaka ikatopa, kapena kuti ana adzakula n'kufuna pawo. Sinatetezenso obwera pambuyo pake. Ndipo obwerawo anali ambiri: kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alhomwe ankawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa njala, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa ankasowa antchito, koma malo okhala ankalipiridwa ndi thukuta. Apa m'pamene mawu abwino akuti thangata, kuthandizana kwa pamudzi, anasanduka dzina la goli. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa malo a eni linaika lendi ya ndalama kapena ntchito ndipo linalola kuthamangitsa ena mwa anthuwo pakatha zaka zisanu zilizonse. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams atafufuza analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa n'kukhazikapo anthu. Thangata anathetsedwa mu 1962. Koma malo abwino kwambiri, a mvula yambiri ndi nthaka yakuya, anali atadzalidwa kale tiyi, ndipo mzere unakhala pomwepo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje. Ukagawa chiwerengerochi ndi kukula kwa boma umapeza anthu oposa 300 pa sikweya kilomita, koma masamu amenewo amabisa zoona, chifukwa akuwerengera phiri limene silikhalidwa ndi minda ya tiyi imene siimangidwa nyumba. Chotsani ziwirizo muone pamene anthu apanikizika. Ndiye chifukwa chake pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Mulanje ndi Thyolo komanso ena a m'maboma olandirawo, kukakhala pa malo ogulidwa ku Machinga, Mangochi ndi kwina. Amene anapita aja pa tsambali palibe, koma kuthithikana kumene anathawa kukuonekabe.

Sindikunena kuti mbali yobiriwira ndi ya adani. Tiyi amabweretsa ndalama zakunja, dziko lathu limatulutsa matani pakati pa 40,000 ndi 50,000 pachaka, ndipo fizi yanga ya kusekondale inachokera m'dengu lomwe lija. Ndiponso mzere suli wowongoka paliponse. Chakummawa, kufupi ndi tsinde la phiri, pali timinda ta tiyi tating'onoting'ono tosakanikirana ndi nthochi ndi zinanazi. Ameneyo ndi tiyi wa alimi a m'midzi, amene anayamba kukula boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, ndipo lero ambiri ali m'magulu monga Sukambizi Association Trust. Minda ya ambiri siikwana hekitala imodzi. Pasikirini kubiriwira kwawo n'kwa mawangamawanga, kosasitidwa bwino, koma kwa ine ndi ndime yokoma kuposa zonse, chifukwa pamenepo wothyola ndiye mwini chitsamba.

Tsopano mayina. Ena ankatuluka pasikirini tikatsika, ena ndinkawatchula ndine chifukwa ndinawaloweza pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza: Lauderdale, Thornwood, Glenorchy, Bloomfield, Eldorado, Esperanza, Mimosa, kenako Ruo, Lujeri, Chisambo, Limbuli, Phwazi, Likanga, Sayama. Awerengeni mokweza mumve mmene akugawikira. Lauderdale ndi dera la ku Scotland, ndipo esiteti ya dzinali inali ya John Moir wa African Lakes, yemwe uja magalasi ake anabala dzina lakuti Mandala. Pamenepa m'pamene Henry Brown, amene anali atalimapo khofi ku Ceylon, anadzala tiyi mu 1891 ndi mbewu yochokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre, ndipo anadzalanso ku Thornwood. Glenorchy ndi chigwa cha ku Scotland komweko. Amenewa ndi mayina a anthu opukwa kwawo, ofuna kumva fungo la kumudzi pansi pa phiri lachilendo. Eldorado ndi dziko la golide la m'nthano za Asipanishi, Esperanza ndi chiyembekezo m'chinenero chomwecho. Amenewa ndi mayina a anthu obwera kudzalemera. Palibe limodzi mwa iwo limene likunena za malowo, za mtsinje wake, mtengo wake kapena munthu amene anapezeka pamenepo.

Gulu lachiwiri ndi la mayina a kuno, koma nawonso asintha ntchito. Ruo ndi Lujeri ndi mitsinje yotsika m'phiri. Lero mukati Lujeri munthu amayamba waganiza za kampani, mtsinje umabwera pambuyo. Dzina linabwerekedwa ndipo silinabwezedwe lonse.

Apa m'pamene kuuluka pamwamba pa tiyi kumasiyana ndi kuuluka pamwamba pa mphesa. Ku Burgundy minda ya mphesa inagawidwa m'tizigawo 1,247, chilichonse ndi dzina lake lakalekale, ndipo mu 2015 UNESCO inaika tizigawoti pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mayina a midzi monga Pommard ndi Meursault amalembedwa pa botolo. Munthu wouluka pamwamba pa kamunda amatha kupita kusitolo n'kugula vinyo wa kamunda komweko, ndipo mtengo wake umakwera chifukwa cha dzinalo. Tiyi wathu amayenda njira ina. Wambiri amagulitsidwa m'matumba, ena pa okushoni ku Limbe, ena mwachindunji kwa ogula a ku Britain, South Africa ndi kwina, amene amamukonda chifukwa amafiiritsa kapu. Akafika uko amasakanizidwa ndi wa ku Kenya ndi wa ku India, n'kulowa m'paketi ya dzina lina. Alipo ochepa, monga Satemwa ya ku Thyolo, amene amagulitsa tiyi m'dzina la munda wawo, koma ambiri omwa tiyi wa ku Mulanje m'mawa uliwonse sanamvepo dzina la Mulanje. Choncho dzina la esiteti limathera pa geti la fakitale, ndipo la mudzi wa wothyola silifika ngakhale pagetipo. Ndisaiwale kunena kuti nayonso minda ya mphesa ili ndi mizere yake yobisika. Wouluka pamwamba pa Stellenbosch saona ukapolo umene unakumba minda imeneyo, kapena chizolowezi cholipira antchito ndi vinyo chimene chinapitirira zaka zambiri chitaletsedwa, ndipo saona abale athu a ku Malawi amene lero akuthyola mphesa kumeneko.

Tinafunafuna mudzi wathu. Ndinauzindikira ndi mpindo wa mtsinje ndi kagulu ka mitengo ikuluikulu kamene kali kumanda. Madenga a malata ankawala, koma nyumba zaudzu zinkangofanana ndi dothi. Dzina silinatuluke. Mapu a pa intaneti amafulumira kutchula chimene chili ndi ofesi, chikwangwani kapena malonda: fakitale, malo ogona alendo, pothirira mafuta. Mudzi wa anthu mazanamazana, wokhala ndi nyakwawa yake pansi pa Mfumu Mabuka kapena Njema, ukhoza kungokhala madontho opanda dzina. Mnyamata uja anafunsa, "Ndiye amalume, agogo ankachokera pati popita kuntchito?" Ndinamulozera ndi chala kanjira kakang'ono kodutsa pamzere paja.

Chinthu china chimene tsambali lachidumpha ndi mitambo. Osonkhanitsa zithunzi za setilaiti amasankha za masiku opanda mitambo kuti pansi paoneke, ndipo ku Mulanje masiku otere amachuluka m'chilimwe. Choncho Mulanje wa pasikirini ndi wa dzuwa lokhalokha. Komatu tiyi alipo chifukwa cha mvula. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya mchere imagunda phiri n'kutula madzi ake kumwera, moti madera ena amalandira mamilimita oposa 2,000 pachaka, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimakuta minda masiku angapo osaona dzuwa. Gawo lalikulu la tiyi limathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, m'matope ndi m'mvula. Chithunzi cha m'chilimwe chimakulitsanso kusiyana kuja, chifukwa chimagwira minda ya m'midzi itakololedwa, ili mbee, pamene tiyi akadali wobiriwira. Chikanajambulidwa mu Febuluwale chimanga chili m'mutu, mzerewo ukanaonekabe koma osati mokuwa chotero. Wowerenga ayenera kudziwa mwezi umene tsamba linalembedwa. Pansi pa sikirini pamalembedwa tsiku la chithunzi, ndipo zigawo zoyandikana zimatha kukhala za zaka zosiyana, zosokedwa pamodzi ngati zigamba. Izi si zazing'ono kwa ife amene tinaona Namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo napolo anatsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati nyumba, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Pa chithunzi chakale munthu akhoza kuuluka pamwamba pa nyumba zimene kulibenso. Pa chatsopano amaona mikwingwirima yoyera yotsika m'phiri ngati zikhadabo zakanda, osadziwa kuti pansi pa mchengawo pagona anthu.

Pomaliza tinakwera phiri lenilenilo. Mnyamata anakoka ndege m'mwamba, tinadutsa zigwa za pamwamba pa phiri kumene kale kunali nkhalango za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene macheka ndi moto zautha pafupifupi wonse. Kenako nsonga ya Sapitwa inadutsa pansi pa mapiko m'kuphethira kwa diso. Pamapu Sapitwa ndi kadontho ndi nambala, mamita 3,002. Koma dzinali si chizindikiro chabe, ndi chiganizo chathunthu, ndiponso ndi chenjezo: kumeneko sikupitidwa. Akuluakulu ankatiuza kuti phirili lili ndi eni ake, kuti ukapeza chakudya chokonzedwa m'njira udye wekha osaitana mnzako, kuti usalozeloze kapena kulankhula mwachipongwe. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kaya ayi, dzinalo limaphunzitsa kufika pamalo ndi ulemu, ndipo chikhalidwe chimenechi ndicho chinachititsa kuti mu 2025 UNESCO iike phiri la Mulanje pa mndandanda womwe uja pali minda ya ku Burgundy. Ndege yoyerekezera simva chenjezo. Ilibe mwendo wotopa, siizizidwa, siisochera m'nkhungu. Ndinamupempha mnyamatayo kuti tisabwerezenso kudutsa pamenepo, ndipo anandimvera.

Kodi ndiye tsambali ndi labodza? Ayi. Zonse zimene likuonetsa zilipodi, ndipo landionetsa chimene miyendo yanga sinandionetse m'zaka zonse za ubwana, ndicho kukula kwa mzere uja kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Mwana wa ku Mulanje amene sadzakwera ndege ayenera kupatsidwa mwayi woona kwawo chotere, ndipo mphunzitsi wa mbiri amene ali ndi laputopu imodzi angaphunzitse thangata bwino ndi chithunzichi kuposa ndi choko. Chilema chake n'chakuti linalembedwa theka, ndipo theka losowalo ndi lathu.

Mayina amasinthika. Boma la Mulanje linkatchedwa Fort Anderson, lero ndani amatero? Mapu a OpenStreetMap amalola munthu aliyense wokhala ndi foni kuwonjezera mudzi, chitsime, mlatho, sukulu kapena kanjira, ndipo mapu otere ndi amene opereka thandizo amatsegula madzi akasefukira, pofuna kudziwa kumene kuli anthu. Inu a kwa Mabuka, a kwa Njema, a kwa Chikumbu ndi a kwa Nkanda amene muli ndi ana odziwa kompyuta, akhazikeni pansi ndi agogo awo akadali moyo. Afunse dzina la dambo lililonse, dooko lililonse la pamtsinje, mudzi umene unasamuka ndi kumene unali, kenako akalembe pamapu m'kalembedwe koyenera ka Chichewa, Chilhomwe kapena Chiyao. Mwana wa mchemwali wanga wayamba ndi mudzi wathu, ndipo Loweruka likudzali tikupita kukafunsa azakhali anga dzina la kamtsinje kamene mayi ankawoloka popita ku sikelo.